Ndigulitse ya petulo ndigule ya dizilo? Ndithandizeni nzeru

NaBanda_A25
Moni nonse pa gulu pano. Ndili ndi X-Trail ya petulo, ija ya 2.0, ndipo mafuta akundimaliza. Mtauni muno lita imodzi ikumandiyendera makilomita 9, mwinanso osakwana kukakhala mdipiti wa magalimoto m'mawa. Ndimakhala ku Area 25, ntchito ku City Centre, kusiya ana kusukulu, Loweruka kumsika, Lamulungu kutchalitchi. Ulendo wautali ndi wa kumudzi ku Ntchisi basi, ndipo ndi wa apo ndi apo. Alamu anga akuti ndigulitse, ndiitanitse CX-5 ya dizilo ku Japan, ati ija imangonunkhiza mafuta. Mnzanga wina kuntchito akuti ndisayerekeze dala. Inu amene muli ndi magalimoto a dizilo, zoona zake n'ziti? Kusamala kwake kumadya ndalama bwanji? Ndiuzeni ndisanaponye ndalama m'madzi.

Kabaza_FC
Gulani njinga mayi. Siimwa petulo, siimwa dizilo, bola mwini wake wadya nsima.

Mtunda_Wautali
Alamu anuwo sakunama. Ine ntchito yanga ndi ya pamsewu, ndimagulitsa mbewu ndi mankhwala a ulimi, lero Kasungu, mawa Mzuzu, mkuja Chikwawa. Ndili ndi Hilux ya 2.5 D-4D. Ndikadzaza thanki ku Lilongwe ndimapita ku Blantyre n'kubwerako osaimanso pa filing'i, ndipo amenewo ndi makilomita opitirira 600. Nanga mphamvu? Kwerani Chiweta kapena chitunda cha pa Thabwa mutasenza matumba kumbuyo. Ya petulo imachita kukuwa phazi lili pansi, pomwe ya dizilo imangokoka phee pa 2,000 rpm. Ine zobwerera ku petulo ayi.

Kawerengera
A Mtunda, zanuzo n'zoona koma n'zanu. Mayiwa sananene kuti amakwera Chiweta. Tiyeni tiwerenge m'malita, chifukwa za makwacha zikusintha tisanamalize n'kulemba komwe.

Area 25 kupita ku City Centre n'kubwerako, kuphatikizapo sukulu, msika ndi tchalitchi, tingoyerekeza makilomita 1,000 pa mwezi. Pa makilomita 9 pa lita, ndi malita 111. CX-5 ya dizilo mtauni tiipatse 13 pa lita, ndi malita 77. Mwapulumutsa malita 34 pa mwezi, pa chaka pafupifupi 400. A Mtunda tiyerekeze amayenda 3,500 pa mwezi. Pikapu ya petulo pa 8 ingamwe malita 437, yawoyo pa 12 imwa 292. Kusiyana kwake pa chaka kukupitirira malita 1,700. Anthu awiriwa sali pa nkhani imodzi.

Ndiye mayi, dzifunseni kuti malita 400 pa chaka adzabweza liti ndalama yoonjezera pogula galimotoyo, msonkho wa ku MRA, yoitengera ku Dar es Salaam, ndi imene mutaye pogulitsa X-Trail mwaphuma. Chinanso, ambiri akadali ndi maganizo akale oti dizilo ndi wotchipa kuposa petulo. Kuno si lamulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, MERA inaika petulo pa K2,530 ndipo dizilo pa K2,734. Dizilo ndiye anali pamwamba. Mitengo yasinthanso chichokereni apo, koma musawerengere kuti pa pampu muzikalipira zochepa pa lita.

Mtunda_Wautali
Masamu anu mwaiwala kuti injini ya dizilo imakhalitsa. Komanso tsiku logulitsa, Hilux siigona pa msika.

Kawerengera
Hilux siigona chifukwa ndi Hilux. Mayiwa akunena CX-5.

Sipanala_Biwi
Ndalowa mochedwa, ndinali kunsi kwa galimoto. Mayi, magalimoto a dizilo alipo a mitundu iwiri, ndipo anthu akamakangana nthawi zambiri wina amakhala akunena za uwu, mnzake za uwo.

Alipo akale aja a injini za 3L, 5L, TD27, 4JA1, 1HZ. Pampu yake ndi ya zitsulo zokhazokha, kompyuta mulibe. Amafuka, amaphokosera, sathamanga, koma amapirira mafuta oipa, ndipo makaniko wa pa Jenda kapena pa Nchalo amawakonza pansi pa mtengo. Mbiri yoti dizilo siifa inachokera kwa amenewa.

Ndiye pali a masiku ano a common rail. M'menemu pampu imakankha mafuta mpaka kufika 2,000 bar, pamene tayala lanu mumapopa 2.3. Timaboowo ta inijekita n'tating'ono zedi, ndipo chimene chimafewetsa zitsulo za mu pampu ndi dizilo yemweyo. Kukalowa madzi, fumbi kapena palafini, pampu imayamba kudyeka, tizitsulo take timafalikira mu ma inijekita onse anayi, mpaka thanki imafunika kutsitsa n'kutsuka. Inijekita yatsopano siungomanga n'kuliza, nambala yake imafuna kulembetsa mu kompyuta ya galimoto.

Koma kwa inu vuto lalikulu si limenelo, ndi DPF. Imeneyi ndi sefa imene ili mu ekizozi, ntchito yake kugwira mwaye. Ikadzaza, galimoto imaiwotcha yokha: kompyuta imathira dizilo woonjezera kuti utsi utenthe mpaka cha m'ma 600 digiri, mwaye upse. Kuti zimenezi zitheke pamafunika injini yotentha bwino ndi msewu woyenda osaimaima kwa mphindi 20 kapena 30. Inu ulendo wanu ndi wa kusukulu, kuima, pa raundiabauti, kuima, ku ofesi, kuzimitsa. Kuwotcha kuja kumayamba n'kudukira panjira, mawa chimodzimodzi. Dizilo woonjezera uja wina amatsetsereka m'mbali mwa ma pisitoni n'kukagwera mu oyilo. Oyilo m'malo motsika amakwera, koma ali wamadzimadzi. N'chifukwa chake pa dipisitiki ya CX-5 ya dizilo pali chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wodzaza. Akafika pamenepo mumatsitsa, ngakhale tsiku la sevisi lisanakwane. Mukachedwa, tebo ndi ma bering'i ndiye amalipira.

Galimotoyo payokha ndi yokoma kuyendetsa ndipo imakoka kwambiri. Kungoti inapangidwira munthu wa msewu wautali.

NaBanda_A25
Iii a Sipanala, mwandiopsa. Ndiye ndikamaithamangitsa Loweruka lililonse mpaka ku Mponela n'kubwerako sizingathandize?

Sipanala_Biwi
Zimathandiza ndithu, ndimawauza makasitomala anga zomwezo. Koma werengani mafuta a ulendo wa ku Mponela kanayi pa mwezi, muchotse pa malita 34 a a Kawerengera aja, muone chotsala.

Kawerengera
Chotsala ndi chimanga chootcha cha pa Lumbadzi.

Madala_1HZ
Ana inu mumakonda magalimoto olankhula. Yanga ndi Land Cruiser pikapu, 4.2, masilinda sikisi, tebo mulibe, kompyuta mulibe. Injini imeneyi anayamba kuipanga mu 1990 ndipo amishoni, a zaumoyo ndi a mabungwe sanaisiye mpaka lero, mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani? Dzinja lonse ndimalowa nayo ku Mwansambo matope ali m'mawondo. Ndimaipatsa oyilo pa makilomita 5,000 alionse, fyuluta ya dizilo ndimasintha isanandipemphe, lamba wa taiming'i pa nthawi yake, basi. Koma mwana wanga NaBanda, sindikukuuza kuti ugule ngati yanga. Imamwa oyilo malita opitirira 9 pa sevisi imodzi, ndipo mtauni mafuta imamwa ngati X-Trail yakoyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Galimoto uli nayo ukuidziwa matenda ake, ya pa chithunzi cha pa intaneti sukuidziwa.

Aqua_Yanga
Ine ndikungodabwa kuti mpaka pano palibe watchula hybrid. Achemwali, ngati nkhani ndi mafuta mtauni, Aqua yanga imapitirira makilomita 20 pa lita popanda kuinyengerera. Pa mdipiti injini imazima yokha, umayendera batire. Pamene dizilo akuvutika m'pamene iyo imasangalala.

Mtunda_Wautali
Ipite ku Ntchisi mwezi wa Febuluwale tione.

Aqua_Yanga
Ku Ntchisi boma kuli tala abwana.

NaBanda_A25
Kkkk kwathu si pa boma, pali makilomita angapo a fumbi, ndipo pobwera sindibwera chimanjamanja. Matumba awiri a chimanga, mbatata, nthawi zina mbuzi. Aqua ingakhule mimba.

Kabaza_FC
Mbuzi mu X-Trail? Ndiye mukudabwa kuti mafuta akutha bwanji?

Tchona_Joni
Ndiyankheko kuchokera kuno ku Johannesburg. A Sipanala anena zoona, koma pasakhale mantha oti dizilo yamakono iliyonse ili ndi DPF. Ma D-4D ambiri amene anapangidwira msika wa kuno kum'mwera alibe. Ya a Mtunda ndikukhulupirira ilibe, n'chifukwa chake sakudziwa mavuto amenewa. Hilux amaimanga ku Durban, Ranger ku Silverton ku Pretoria, Isuzu ku Gqeberha, kumene kale tinkati Port Elizabeth. Ndiye masipeya ake ali mbwee, ukagula Lolemba, kuika pa basi, Lachinayi adutsa pa Mwanza. Ya dizilo yochokera ku Japan kapena ku Ulaya ndi ina, sensa imodzi yokha mutha kudikira milungu.

Kunonso dizilo amalemba pa pampu kuti 50ppm kapena 500ppm, malo ena 10ppm. Imeneyo ndi salifa amene ali m'mafutamo. Ku Ulaya ndi ku Japan amathira wa 10, ndipo injini zawo ndi ma DPF anazipangira ameneyo. Salifa akachuluka sefa ija imadzaza msanga. Chinanso chosiyana ndi kumudzi, kuno boma limaika mtengo wa petulo pa pampu koma wa dizilo ayi, filing'i iliyonse imaika wake, ndiye umayendayenda kusaka potchipa.

Mtunda_Wautali
Yanga ilibedi. Komabe a Sipanala asatipange ngati ife a D-4D tili pa moto. Ine sevisi ndimapanga, galimoto imayenda.

Sipanala_Biwi
Simuli pa moto bwana, koma ndalama mumatulutsa. Tiuzeni nokha: oyilo malita 7, pamene X-Trail ya mayiwa siifika 5. Fyuluta ya dizilo pafupipafupi. Batire yaikulu. Nyale ya T-BELT ikayaka pa makilomita 150,000 mumasintha lamba wa taiming'i ndi tenshona yake. Ndipo ma washa a kopa amene amakhala pansi pa ma inijekita, makamaka pa 3.0 ija ya 1KD, akayamba kudontha mpweya, oyilo amapanga makala, makala amatseka kasefa kokokera oyilo mu sampu, injini n'kunoka. Washa ndi kanthu kotchipa, koma ukakanyozera kamagwetsa injini yonse. Kwa inu zonsezi zimabwezedwa ndi mtunda umene mumayenda. Kwa mayiwa ndani abweze?

Chigayo_Mponela
Nkhani ya mafuta oipa musaichepetse. Ine ndili ndi chigayo cha dizilo komanso ka lole ka matani awiri. Dizilo wosungidwa mu diramu amapanga madzi pansi, makamaka diramu ikakhala yosadzaza, usiku kuzizira masana kutentha. Ndiye nthawi ya kusowa kwa mafuta anyamata a zigubu amathiramo palafini kuti achuluke. Ndi maso simungadziwe msanga. Injini ya chigayo imangotsokomola n'kupitiriza. Ya common rail siikhululuka. Amene muli nazo, kanyale ka madzi kakayaka pa dashibodi imani pomwepo, pansi pa fyuluta pali kokomola, mutulutse madziwo mpaka atayamba kutuluka dizilo yekhayekha, kenako mupope.

Mai_Nursing
Funso langa lili pomwepo. Mafuta akasowa, mzere umene umatalika ndi uti? Ine chimene ndimaopa ndi kugona pa filing'i.

Chigayo_Mponela
Zimasinthana. Pali nthawi petulo amasowa dizilo alipo, pali nthawi zimatembenuka. Koma mzere wa dizilo uli ndi ma thiraki, mabasi, mathirakitala, ife a zigayo ndi a majenereta. Thiraki imodzi ikaima kutsogolo kwanu imamwa malita mazanamazana. Kumbukirani 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale, magetsi ankazima tsiku ndi tsiku, kampani iliyonse inali pa jenereta. Dizilo ameneyo ankachokera pa pampu yomweyo.

Mtunda_Wautali
Mzere wa petulo uli ndi njinga zamoto zikwi ndi ma Sienta onse a mu Lilongwe. Ine ndikadzaza kamodzi ndimatha masiku ndisanaonekenso pa filing'i. Pa nthawi ya mizere chimenecho n'chuma.

Madala_1HZ
Inu mukunena 2022. Ife tinaona 2011 ndi 2012, nthawi ya Bingu. Munthu unkasiya galimoto pa mzere, kupita kunyumba kukasamba, kubwera, thanka isanafike. Vuto ndi lomwe lija, ndalama zakunja. Mafuta athu onse amachita kubwera, kaya ndi ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo kumeneko salandira kwacha. Kaya uli ndi petulo kaya dizilo, dola ikasowa nonse mumagona panja.

Aqua_Yanga
Petulo bola timathirako zathu. Ethanol wa ku Dwangwa ndi wa ku Chikwawa uja.

Kawerengera
Eya, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene galimoto ya petulo kuno siifika pa manambala olembedwa m'buku la ku Japan. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi lita ya petulo. Akasakaniza, mtunda pa lita umatsikako pang'ono. Sindikudandaula, nzimbe ndi zathu, ndikungoti tiziwerenga zonse.

Kabaza_FC
Nzimbe zomwezo mukanatipatsa ife a njinga tizitafuna, mphamvu yake siitsika.

Admin_Gulu
Abale, za nzimbe ndi za ndale tiike pambali. Funso la a NaBanda likadali pomwepo.

Nyasa_Luton
Ndionjezeko za kuno ku UK, chifukwa ndikuona anthu ambiri akuitanitsa magalimoto a dizilo kuchokera kuno poona kutchipa. Dziwani chifukwa chake akutchipa. Zaka za m'ma 2000 boma kuno linkalimbikitsa dizilo, msonkho wa pamsewu unkatsika ngati galimoto ikutulutsa CO2 wochepa, anthu anagula kwambiri. Mu Seputembala 2015 zinaululika kuti Volkswagen inaika pulogalamu yonamiza mayeso a utsi m'magalimoto pafupifupi 11 miliyoni, ndipo kuchokera pamenepo mphepo inatembenuka. Ku London kuli ULEZ, dera lolipiritsa magalimoto a utsi wambiri, limene mu Ogasiti 2023 analikulitsa kufika mzinda wonse. Galimoto ya dizilo yosafika pa muyezo wa utsi wa Euro 6, kutanthauza zambiri za chaka cha 2015 kubwerera m'mbuyo, imalipira £12.50 tsiku lililonse imene yayenda. Ya petulo amangofuna Euro 4, ndiye ngakhale ya 2006 imadutsa ulere. Eni ake akuzitaya, ndipo zina zikuthera kwathu.

Musanagule ya kuno onani zinthu ziwiri. Kunsi, chifukwa m'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu ndipo dzimbiri limadya chasisi. Chachiwiri, za Euro 6 zambiri zimafuna AdBlue, madzi a urea aja okhala ndi thanki yakeyake. Akatha, galimoto imakuchenjezani, kenako mukaizimitsa imakana kulira mpaka mutathira. Dzifunseni ngati ku Ntchisi mungawapeze.

Dalaivala_Zomba
Zonsezi mukuvutika nazo chifukwa chiyani? DPF timachotsa. Amaboola, kutulutsa za m'kati, kuwotcherera, kufufuta mu kompyuta, EGR, valavu ija yobweza utsi mu injini, kutseka. Galimoto imapuma bwino, mphamvu imaonjezekera. Kuno ndani amayeza utsi?

Nyasa_Luton
Kuno ukachotsa imalephera MOT, imene ndi COF ya kuno, lamulo limeneli lilipo kuyambira 2014.

Dalaivala_Zomba
Kumeneko ndi kumeneko. Ine COF ndimatenga bwinobwino.

Mai_Nursing
A Dalaivala, mapapo a anthu a ku Zomba ndi a ku Luton ndi amodzimodzi. Mu 2012 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa mosakayikitsa. Mwaye umene sefa ija imagwira ndi tinthu tating'ono tolowa mpaka m'kati mwa mapapo. Amene amaupuma kwambiri si inu muli m'galimoto mawindo otseka, ndi mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, mwana ali kumbuyo, ndi wa kabaza amene ali pambuyo panu pa chitunda.

Kabaza_FC
Apa ndiye mwandiyankhulira mayi.

Dalaivala_Zomba
Ndiye muyambe ndi ma minibasi ndi malole a mchenga. Ine ka galimoto kamodzi ndalakwa chiyani?

Sipanala_Biwi
Sindinama, ntchito imeneyo imachitika, ndipo ena amabwera atachotsa kale kwina. Chimene ndimaona ndi ichi: kuboola aliyense amatha, koma za kompyuta ndi ochepa amazidziwa. Akalakwitsa, kompyuta imaganizabe kuti sefa ilipo, imapitiriza kuthira dizilo woonjezera uja, oyilo amakwerabe, utsi woyera kumbuyo, kenako galimoto imakana kupitirira 60. Ena amatsitsa fayilo pa intaneti ya injini ya dziko lina n'kuika. Ndiye taganizani mayi, mugule galimoto ya mamiliyoni, sabata yoyamba mukaipereke kuti aiboole. Si bwino kungogula imene ikugwirizana ndi maulendo anu?

Ndipo amene muli nazo kale ndipo sefa ikadalimo, oyilo wake si aliyense. Za ku Japan zimafuna wolembedwa DL-1, wa phulusa lochepa. Mukathira 15W-40 wa malole, phulusa lake silipsa, limakhala mu sefa mpaka kalekale.

Mphunzitsi_Dedza
Ine yanga ndi ya dizilo ndipo ndimaikonda, koma ndikuuzeni zimene sanatchule. Kuno mwezi wa Juni ndi Julayi m'mawa, ma hita pulagi otenthetsa injini musanalize akafooka kapena batire ikatopa, muiwala zofika ku ntchito nthawi yabwino. Umatembenuza kiyi, kudikira kanyale ka waya wopotana kazime, kenako kuliza. Ndipo mukakwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti musamangofika n'kuzimitsa, isiyeni ilire kaye mphindi imodzi kapena ziwiri kuti tebo izizire oyilo akuyenda.

China, khalani maso pa filing'i. Pa filing'i ina mnyamata ataona kuti galimoto ndi yaing'ono anangotenga paipi ya petulo, ine ndili pa foni. Mlomo wa paipi ya petulo ndi wochepa, umalowa bwinobwino pa thanki ya dizilo. Mwayi wake mnzake anakuwa ndisanalize. Tinaikankhira pambali, makaniko anabwera kudzatsitsa thanki. Zikakuchitikirani musatembenuze kiyi ngakhale pang'ono, chifukwa magalimoto ena pampu ya mu thanki imayamba kukoka kiyi akangofika pa ON. Pano ndinamata chipepala chachikulu pa chitseko cha thanki, ndipo ndimatsika n'kuima pomwepo.

Tchona_Joni
Zimenezo ngakhale kuno zimachitika. Akaona ka Polo amangoganiza petulo.

Mlimi_Kasiya
Pepani kulowerera. Ine ndikufuna galimoto yonyamula fodya ndi soya kuchokera kumunda, msewu wafumbi. Ndapeza Hilux Surf ya 1KZ yotchipa. Ndigule?

Sipanala_Biwi
1KZ imakoka bwino koma siifuna kutentha. Ikangowira kamodzi, hedi imang'aluka. Musanalipire, injini ili yozizira tsegulani redieta, lizani, muone ngati madzi akutulutsa thovu. Onaninso ngati fani ikugwira. Koma pa matumba a soya bwanji osasaka pikapu ya 3L kapena 5L? Surf ndi ya anthu, si ya katundu.

Madala_1HZ
Kapena Isuzu KB 250 yakale ija. Siithamanga koma imafika.

NaBanda_A25
Zikomo nonse, ndawerenga mpaka tiyi wazizira. Ndawatumizira alamu anga zimene alemba a Sipanala, ayankha kuti makaniko amaona magalimoto odwala okhaokha, amoyo sawaona. Akuti anzawo awiri ali ndi CX-5 ndipo sanadandaulepo.

Sipanala_Biwi
Alamu anuwo ali ndi mfundo, ku galaja sikubwera galimoto kudzapereka moni. Koma afunseni anzawowo amayenda kuti. Ngati ndi a Lilongwe–Blantyre sabata ndi sabata, sadzadandauladi. Afunseninso kuti oyilo amasintha pa makilomita angati, ndipo sefa ikadalimo kapena anachotsa.

Kawerengera
Ndipo CX-5 yomweyo ilipo ya petulo, 2.0, thupi lomwelo, mipando yomweyo. Ngati mtima wagwa pa maonekedwe, imeneyo siimwa ngati X-Trail yakale ndipo za DPF mulibe.

Mtunda_Wautali
Koma siikoka ngati ya 2.2 dizilo. Mukaiyendetsa kamodzi ya dizilo ija simudzafunanso ina.

Aqua_Yanga
Kukoka chiyani pa Area 18 interchange 7 koloko m'mawa? Tonse timayenda liwiro la a Kabaza.

Kabaza_FC
Bodza, ine ndimakupitirirani.

Sipanala_Biwi
Mayi, musanagulitse chilichonse, X-Trail yanuyo inaonedwa liti? Makilomita 9 pa lita mtauni si zachilendo kwa galimoto imeneyo, koma nthawi zambiri timatha kubwezako kena. Ma pulagi anasinthidwa liti? Fyuluta ya mpweya, ndi fumbi la ku Area 25, imatseka msanga. Sensa ya mpweya ikada kapena ya mu ekizozi ikatopa, kompyuta imathira mafuta ambiri osayatsa nyale iliyonse. Matayala akhale ndi mpweya wokwana, mabuleki asamagwire, ndipo kabatani ka 4WD kakhale pa 2WD mukakhala pa tala. Ndaonapo anthu akuyenda chaka chonse ali pa LOCK kapena AUTO osadziwa.

NaBanda_A25
Kabatani kameneko kali pa AUTO chigulireni. Ma pulagi sindikukumbuka kuti anasinthidwapo. Ndiyamba ndi zimenezo mwezi uno, ndidzaza thanki, ndilembe makilomita, ndidzabwera ndi manambala kuti a Kawerengera awerengenso. Za CX-5 ndaimika kaye, ngakhale alamu akwiya.

Dalaivala_Zomba
Mukaganiza zogulitsa X-Trail mundiuze ine poyamba. Ndi ya manyuwo kapena otomatiki?

NaBanda_A25
Otomatiki.

Sipanala_Biwi
Ndiye mwina giyabokosi yake ndi ya mtundu wa CVT. Pobwera ndi ma pulagi mubwerenso ndi buku la sevisi, tione ngati oyilo wa giyabokosi anasinthidwapo. Ngati ndi CVT, ili ndi oyilo wakewake, musalole kuti athiremo ATF, oyilo wamba wa otomatiki.

Mlimi_Kasiya
A Sipanala, ndapita kukaiona Surf ija. Thovu likutuluka mu redieta, koma mwini wake akuti ndi mpweya chabe chifukwa anasintha madzi dzulo.

Sipanala_Biwi
Anasintha madzi dzulo chifukwa chiyani? Musapereke ndalama.